Lipoti la ulendo wathu wa ku Atlanta kokaona za Tim Brown

Abale, amene munatsala paja mwakhala mukufunsa pagulu kuti tinayenda bwanji, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Ulendo unali wabwino koma wautali zedi. Tinanyamuka ku South Bend kusanache pa vani yobwereka, kudutsa Indianapolis, Louisville, Nashville, Chattanooga mpaka kulowa mu Atlanta kutada, miyendo itatupa. Azimayi anaphika mandasi ndi nkhuku yokazinga zapanjira moti sitinaime kwambiri kupatula pothira mafuta ndi popita kuchimbudzi, ana nawo anayesetsa ngakhale chakumapeto kunali kulira.

Enanu munabwera kuno posachedwa mwina simukudziwa chifukwa chake tinasankha malo amenewa. College Football Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a mpira wa chiAmerica wa m'makoleji ngati Tim Brown, inali konkuno kwathu, pakati pa tauni ya South Bend, kuyambira 1995 mpaka 2012. Anthu sankabwera ochuluka monga ankayembekezera ndiye anaisamutsira ku Atlanta komwe inatsegulidwa mu 2014. Akuluakulu ena a m'gulu lathu amene akhalitsa kuno anavomera okha kuti ankangoidutsa popita kuntchito, osalowamo olo kamodzi, lero ndiye tayenda tsiku lathunthu kukaona chinthu chomwe chinali pakhomo. Tinaseka koma zoona zake ndi zomwezo.

Nyumbayo ili pafupi ndi Centennial Olympic Park. Ukangolowa umakumana ndi chikhoma chachitali chodzaza zipewa za mpira, za masukulu opitirira 700, ndipo amakupatsa kakhadi kovala m'khosi, ukalembetsa dzina ndi timu yako chipewa cha timuyo chimayaka pakhomapo. Ife tonse tinasankha Notre Dame, yunivesite ya kwathu kuno, kupatula achimwene ena aja okonda kutsutsa amene anasankha Michigan dala kuti atipsetse mtima. Pansi pali kabwalo kamkati komwe ana anathamanga mpaka thukuta, kuponya mpira, kuyesa kumenya kuti udutse pakati pa mapolo, ndipo atcheya athu nawo anayesa, mpira unangokwawa pansi iwo n'kugwira chiuno. Vidiyo ilipo koma andiletsa kuitumiza.

Pamwamba penipeni ndi pomwe pali maina a anthu olemekezedwawo. Ine ndimaganiza kuti tikapeza ziboliboli za mitu ngati za ku Canton, komwe kuli Hall ya osewera mpira wolipidwa, koma ayi, maina analembedwa pa magalasi malinga ndi chaka chomwe munthu analowera, ndiye pali masikirini akuluakulu ogwira ndi chala, ukasankha dzina akuonetsa zithunzi ndi mavidiyo ake. Tinapita pa 2009 ndipo dzina la Tim Brown tinalipeza. Apa ndi pomwe tinakhalitsa.

Kwa amene mpira wa kuno umakusokonezani, receiver, malo amene Brown ankasewera, ndi uja amathamangira kutsogolo kuti akawakhe mpira woponyedwa ndi quarterback. Brown anabadwira ku Dallas, Texas mu 1966, anaphunzira ku Woodrow Wilson High School komwe timu yake inkangoluza, koma Notre Dame inamuona n'kumutenga mu 1984. Gemu yake yoyamba yeniyeni, yosewera ndi Purdue, anagwetsa mpira pa kickoff yotsegulira ndipo Notre Dame inaluza tsiku limenelo. Mwana wazaka 18, anthu onse aja akuonera. Zaka ziwiri zoyamba pansi pa kochi Gerry Faust timu sinkayenda bwino, zinthu zinasintha atabwera Lou Holtz mu 1986 amene anaona kuti mnyamatayu ndi wongomupatsa mpira m'manja mwanjira iliyonse, kaya kumuponyera, kaya kumupatsira kumbuyo, kaya kumuyika kuti azilandira mipira yomenyedwa ndi adani.

Kumapeto kwa 1986 akusewera ndi USC (University of Southern California) anabweza punt, kutanthauza kulandira mpira womenyedwa ndi adani n'kuthamanga nawo, mayadi 56 nthawi itatsala pang'ono, John Carney n'kumenya field goal (mpira kudutsa pakati pa mapolo), Notre Dame n'kuwina 38-37. Koma yomwe tinaibwereza mobwerezabwereza pasikirini, kenako pafoni tili mu vani, ndi ya 1987 yosewera ndi Michigan State. Anabweza ma punt awiri otsatizana mpaka kukagoletsa, woyamba mayadi 71, wachiwiri 66. Wachiwiriwo ndi umene unandiimitsa mutu, chifukwa anzake ambiri anali atathamangira kutsogolo kukayesa kutchinga womenya mpira uja, iye anatsala pafupifupi yekha, akanatha kungokweza dzanja kuti asamugunde koma anaulandira n'kuyamba kuzemba, munthu akubwera iye kungopinda pang'ono phewa, wina wagwa, wina wagwira mphepo, nambala 81 uyo wapita. Sathamanga mwaphuma ayi, amaoneka ngati akudikira kuti wolakwitsa alakwitse kaye. Chaka chimenecho anapata Heisman Trophy, mphoto ya wosewera wopambana onse m'makoleji, receiver woyamba kuipata, ndipo sukulu yake ya ku Dallas ija inakhala ndi anthu awiri a Heisman popeza Davey O'Brien wa 1938 anaphunziranso pomwepo.

Ndiye mkangano unabuka pomwepo pasikirini. Achimwene a Michigan aja anati taonani manambala, mu 1987 munthuyu anangowakha mipira 39, mayadi 846, ma touchdown (zigoli) owakha atatu basi, receiver wanji ameneyo wopatsidwa Heisman, bwenzi atapatsa Don McPherson wa Syracuse amene anakhala wachiwiri. Anati chinamuthandiza ndi dzina la Notre Dame ndi TV. Mayi ena amene amagwira ntchito usiku koma gemu ya Loweruka saiphonya anawayankha kuti "Achimwene, inu mukuwerenga za masiku ano, nthawi imeneyo Holtz ankathamangitsa mpira pansi, kuponya kunali kwa apo ndi apo, ndiye mukufuna akanawakha chiyani?" Ine ndili mbali ya mayiwa. Gawani 846 ndi 39 muone, mpira uliwonse womwe anagwira unkapita mayadi opitirira 21. Komanso matimu ankachita kumenyera mpira kunja kumuthawa, ndipo mantha amenewo salembedwa pa manambala. Zoti dzina la sukulu linathandiza sindikana, linathandizadi, koma zaka zinayi anasonkhanitsa mayadi 5,024 onse pamodzi ndi ma touchdown 22, zimenezo TV siingakupatse.

Nkhani ina yomwe ana anaikonda ndi ya thaulo. Gemu yake yomaliza ya ku koleji inali Cotton Bowl kwawo ku Dallas, Januwale 1988, ndipo Texas A&M inawakwapula 35-10. Wosewera wina wa A&M atamugwetsa anamulanda kathaulo kam'chiuno n'kuyamba kuthawa nako, Brown anamuthamangira n'kumugwetsa chakumbuyo, refu n'kumulanga iyeyo. Munthu wa Heisman kulimbirana thaulo pamaso pa abale ake. Ndipo chomvetsa chisoni n'choti chaka chotsatira chomwecho, iye atachoka, Notre Dame inatenga chikho cha dziko lonse cha 1988.

Za ku NFL, ligi ya mpira wolipidwa, ndingodutsa chifukwa nyumba imeneyi si ya zimenezo. Timu ya Raiders inamusankha pa nambala 6 posankha osewera ochokera m'makoleji mu 1988, anaseweramo zaka 16, kumalizira ku Tampa Bay mu 2004, mipira yowakha 1,094. Ku Canton, Ohio anamulowetsa mu 2015 atadikira zaka zingapo akumudumpha.

Wotiperekeza anatifotokozera kuti kulowa mu Hall ya makoleji si masewera. Uyenera kuti unasankhidwapo kukhala All-American wa timu yoyamba (mmodzi wa osewera abwino koposa m'dziko lonse chaka chimenecho), papite zaka 10 chimalizireni koleji, komanso ukhale utasiya mpira wolipidwa, kenako a National Football Foundation ndi amene amayendetsa zosankhazo. N'chifukwa chake Brown anamaliza 1987 koma kulowa mpaka 2009, nthawi imene Hall inali ikadali ku South Bend, mtunda wochepa kuchokera pabwalo lomwe ankasewera. Tinaonanso dzina la Raghib Ismail, Rocket uja, wa 2019, ndi la Calvin Johnson wa Georgia Tech wa 2018, amene anthu a ku Atlanta amamunyadira kwambiri.

Madzulo tinalandiridwa ndi Amalawi anzathu a kumeneko, nsima ya ndiwo zankhaninkhani, tikuthokoza kwambiri ndipo tawauza kuti nawonso abwere nyengo ya mpira adzaone bwalo la Notre Dame, koma abwere ndi majekete. Dandaulo langa ndi limodzi, nthawi inachepa, ana amafuna kulowa ku Georgia Aquarium komwe kuli pafupi pomwepo koma tinalephera chifukwa ena anachedwa kudzuka. Ulendo wina tidzagone masiku owonjezera. Amene simunamalize ndalama ya mafuta a vani chonde muonane ndi asungichuma sabata ino isanathe, ndipo ganizo la ku Canton lomwe linatuluka pobwerera tidzalikambirana pa msonkhano wa mwezi wamawa.