Mpando wakale wa mlombwa ukayamba kugwedera

Mpando wogwedera sindiukhomera msomali. Mlombwa womwe wauma zaka zambiri sukhalira kung'aluka, ndipo mpandowo umagwederabe, poti vuto lili m'malumikiziro momwe guluu adatheratu mphamvu.

Ndisanaumasule, ndimalemba manambala ndi pensulo kunsi kwake: mwendo 1 ndi bowo 1, mwendo 2 ndi bowo 2. Miyendo imaoneka yofanana koma kalipentala adasema uliwonse molingana ndi bowo lake. Kenako ndimagogoda pang'onopang'ono ndi hamala, nditatchinjiriza ndi kathabwa. Pomwe pakukana ndimadonthezapo madzi ofunda, chifukwa mipando yambiri yakale adaimata ndi guluu wa zikopa, amene amafewa akanyowa.

Apa ndiye pagona ntchito. Guluu watsopano sagwira pamwamba pa wakale, choncho ndimapala yense ndi tchizulo mpaka thabwa lionekere, koma osasemako thabwalo. Ngati mwendo ukukhwepa m'bowo, sindidzazamo guluu ayi. Ndimakulunga kansonga kake ndi kathabwa kopyapyala kosendedwa ndi pulena, n'kumata, mpaka uzilowa mothina. Ndikapaka guluu woyera mbali zonse ziwiri, ndimamanga mpando ndi malekeni a chubu cha njinga, n'kuuimika pa simenti yosalala bwino kuti miyendo yonse 4 iponde pansi. Guluu wotuluka ndimapukuta pomwepo ndi kansalu konyowa. Akaumirapo, mafuta opaka pathabwa salowa ndipo pamatsala banga. Ndimausiya maola 24, nthawi ya dzinja masiku 2.

Timabowo totulutsa fumbi longa ufa timabooledwa ndi tizilombo, timene timakonda mbali yoyera ya thabwa, osati yofiirira ya pakati. Ndimathira mankhwala a matabwa ndi jakisoni m'bowo lililonse, mpando n'kukhala pa nyuzipepala masabata 2. Fumbi likaleka kugwa, ndimatseka timabowoto ndi phula la njuchi.

Za kunja, ambiri amathamangira makina opalira, n'kufufuta mtundu womwe umaonetsa kuti mpandowo ndi wakale. Ine ndimayesa kaye sipiliti pamalo obisika. Pakanata, ndiye kuti adapaka shellac, mtundu wa polishi wosungunuka ndi sipiliti, ndipo kungotsuka ndi kupakanso pang'ono kwakwana. Vanishi wosendeka yekha ndi amene ndimapala, ndi sandipepa wa nambala 180 kenako wosalala wa nambala 240, motsata mizere ya thabwa.

Pathabwa poyera ndimapaka mafuta a matabwa otchedwa linseed pang'ono, n'kupukuta pakatha mphindi 15. Nsanza zamafutazo muziyanike panja zotambasula. Zikaunjikana zimatentha mpaka kuyaka zokha.