Kwa anzanga a ku Nkhotakota amene mwasankhidwa kupita ku yunivesite chaka chino

Semesita yoyamba yatha, sapu (mayeso obwereza ukalephera) ndilibe, ndiye mtima wakhala pansi moti nditha kuyankha nonse amene mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp chitulukireni mayina a osankhidwa ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba. Za sutikesi ndi ndowa sindinena, amayi anu akuuzani kale. Koma bulangete gulani lolemera. Ife a kunyanja tinazolowera kugona mawindo ali pululu, pomwe kumtunda kuzizira kwa June kumalowa m'mafupa.

Chachikulu ndi ichi: mukalipira fizi kubanki, risiti ija ijambuleni pa foni, mupangenso fotokope musanakwere minibasi.

Ine yanga ndinaipereka pa windo la ofesi ya zachuma tsiku lofika. Bambo amene anailandira sanandiyang'ane n'komwe. Anaiponya m'katoni ya mapepala pansi pa tebulo, dzanja linalo lili pa chipisi. M'mawa mwake dzina langa mu kompyuta mulibe. Ndipo zinthu kumeneko n'zolumikizana: osalembetsa ndiye kuti ID palibe, popanda ID ku laibulale sakulowetsa, za malo ogona osanena. Ndinayamba kugona pansi m'chipinda cha mnyamata wa ku Dwangwa amene tinangodziwana m'basi.

"Mubwere mawa." Mawa lake netiweki yavuta. Tsiku lina amene amaona zimenezo apita ku maliro. Umaima pa mzere kuyambira mbandakucha, ukangotsala pang'ono kufika, 12 koloko yakwana, atseka windo ndi chikatoni n'kupita kukadya. Anzanga ali m'kalasi, ine pa khonde. Chinandiwawa kwambiri n'choti ndalama imeneyo bambo anga anagulitsa matumba a mpunga asanakwere mtengo, kenako munthu n'kumandifunsa kuti, "Achimwene, mukutsimikiza munalipiradi?"

Anandipulumutsa ndi conti (wophunzira amene anayamba kale) wina wa chaka chachitatu wa ku Benga. Anangomva kalankhulidwe kanga pa mzere n'kufunsa kwathu. Ananditengera kwa Dean of Students, ofesi yoona za mavuto a ophunzira imene ma yearo (a chaka choyamba) ambiri sadziwa kuti ndi yawo, ndipo chithunzi cha risiti chimene achemwali anga anajambula tsiku lolipira chinamaliza nkhani masana omwewo. Pezani conti mmodzi wakwanu wa mutu wabwino. Osati aja ogulitsa malo a bedi mu hostelo ngati ndi awo, amenewo athaweni.

Ndaiwala za ngongole. Bungwe la boma la HESLGB, limene linakhazikitsidwa mu 2015, limabwereketsa ya fizi ndi ya upkeep (yodzisamalira pa sukulu), ndipo ndi ngongole yodzabweza mukamaliza, si mphatso. Onetsetsani kuti dzina la pa chiphaso cha unzika likufanana ndi la pa satifiketi ya MSCE, chilembo ndi chilembo, mukadali kuno. Komanso nyamukani ndi ndalama ya mwezi woyamba, ngakhale yochepa, mu Airtel Money kapena Mpamba. Masabata oyamba amadya ndalama mosadziwika bwino.

Tengani ufa wa kondowole, usipa wouma ndi kathumba ka mpunga. Ena adzaseka fungo la usipa sabata yoyamba, koma pofika pa 20 mwezi adzakhala akugogoda ndi mbale m'manja. Ife tinkasonkherana anthu anayi, mbaula imodzi, ndipo gulu lomwelo ndi limene linasanduka la diskashoni.

M'kalasi mulibe belu, mulibe aphunzitsi okuthamangitsani ndi kamtengo. Lekichara amalowa, amayankhula, amatuluka. Timayeso ta pakati pa semesita ndi ma asainimenti amawerengera ku magiredi omaliza, ndiye osamati ndidzawerenga kumapeto. Lowani gulu la kalasi la pa WhatsApp tsiku loyamba, nambala ya class rep muisunge, mapepala a mayeso akale mupemphe kwa ma conti. Ife ochokera ku CDSS timaopa kutsegula pakamwa tikamva Chingerezi cha ana a ku ma academy. Funsani basi. Mayeso oyamba akatuluka mudzaona kuti ena mwa olankhula bwinowo ali pansi panu.

Orientation osajomba, ndi kumene amasonyeza maofesi onse. Ndipo risiti ija, ndabwerezanso, fotokope ndi chithunzi. Yeniyeni musapereke popanda wolandirayo kusayina ndi kudinda pa kope yanu. Yanga inadzapezeka m'katoni momwemo semesita ili pakati, ili ndi mafuta a chipisi, ndipo bambo aja ngakhale pepani sananene.