Tinaimba pakhonde la malo omwera mowa

Pa 6 Julayi, tsiku lokumbukira ufulu, ife a kwaya tinanyamuka wapansi kuchokera pa boma la Dedza kulowera ku Bembeke. Tinalipo anthu 23. Anayambitsa nkhaniyi ndi akwayamasitala athu, omwe amati mawu athu azolowera makoma a tchalitchi, akamveke ndi anthu apamsewu.

Amene sanagonepo ku Dedza mu Juni kapena Julayi, chisanu amangochimvera kwa anzake. Tawuni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'mawa umenewo phiri la Dedza silinkaoneka n'komwe, nkhungu inali itaphimba mpaka mitengo ya paini ya m'munsi. Ine ndinavala majuzi awiri, chitenje chapamwamba n'kumanga mpango mpaka m'makutu. Nyimbo yoyamba inatikanika. Milomo inali gwa, masoprano akunjenjemera, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi.

Tinaima koyamba pa tiirumu ina m'mbali mwa msewu wa M1. Tiyi wamkaka, masikono, manja onse pa mbaula imodzi. Kukhosi kutafunda tinawaimbira eni ake nyimbo ziwiri, iwo n'kutiwonjezera ketulo ina yaulere. Kachiwiri tinaima pa chiwaya cha tchipisi cha kachewere, tinadya choimirira n'kupitiriza.

Cha m'ma 11 koloko inayamba mvula ya mawawa, ija yosamveka padenga koma yonyowetsa mpaka mkati. Denga lokhalo lomwe linali pafupi linali la malo omwera mowa. Anthu anali atayamba kale, zipanda za masese zikuzungulira, wailesi ili pamwamba.

"Ana inu, tikaima apa mawa nkhani ili kwa abusa," anatero amayi a tcheya. Inenso ndinali mbali yawo. Ndinakulira m'nyumba momwe mowa unatilanda zambiri, ndipo fungo lake lokha limandikumbutsa usiku umene sindifuna kuukumbukira. Koma mvula inakula, tinakwera pakhondepo, tonse titayang'ana kumsewu.

Kenaka anatuluka abambo ena achikulire, jekete lakuda lothothoka m'zigongono, nsapato zodzaza matope ofiira a kudimba. Anavula chipewa.

"Amayi, ndinu a kwaya? Tatiimbirani ija timaimba potsitsa bokosi."

Amayi a tcheya anayang'ana akwayamasitala. Akwayamasitala anangopereka mawu oyambira. Wina mkatimo anazimitsa wailesi.

Tisanamalize ndime yoyamba ndinamva besi kumbuyo kwanga, yozama, yosaphonya ngakhale pamodzi pomwe mabesi athu amaterereka nthawi zonse. Anali abambo aja. Maso anali atatseka, chipewa atachifumbatira pachifuwa, mawu onse a ndime zinayi ali pamtima. Anzawo anatuluka mmodzimmodzi, ena zipanda zili m'manja, ndipo pofika ndime yomaliza sindikanatha kusiyanitsa wa kwaya ndi wakumwa. Ndaimba nyimboyi pa maliro ambiri zaka 14 zomwe ndakhala mu kwaya, koma tsiku limenelo alto yanga inaduka pakati, ndinalira.

Titatha anatiuza kuti anaimbapo besi kwawo zaka zambiri. Anasiya chaka chomwe akazi awo anamwalira, chifukwa akaima kutsogolo ankaona malo awo pa benchi ya amayi ali opanda munthu. Amayi a tcheya anawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Bambo, mawu amenewa musawasunge kuno kokha."

Sanayankhe. Analowa mkati, n'kutuluka ndi kathumba ka kachewere komwe anali atabwera nako kudzagulitsa, n'kukaika pamapazi pa amayiwo. Tinakana, iwonso anakana.

Tinafika pa Bembeke dzuwa litayamba kuboola mitambo, tinabwerera pa minibasi, mawu atasasa. Kachewere uja tinaphika Lachinayi pa pulakatisi. Pokambirana za ulendo wa chaka chamawa ena amafuna Chongoni, kukaona zojambula zakale za pamiyala. Ine ndinakweza dzanja n'kupempha kuti tidzadutsenso njira ya ku Bembeke.