Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Makaseti a Led Zeppelin osatulukira kufakitale

Gawo lapitalo linathera pa benchi ya kashopu kokonza mawailesi ndi ma amplifaya kuno ku Joni, pomwe ndinatchula modutsa za makaseti olembedwa ndi bolopeni. Lero za ine ziyambe zapuma. Magawo akubwerawa simungawamvetse bwino musanadziwe chimene chili m'makasetimo, chifukwa chake akuluakulu a imvi amawasunga ngati mbewu, ndi mmene amasamalidwira.

Makaseti amenewa amatchedwa bootleg. Si chimodzimodzi ndi ma CD obena amene amayalidwa pansi ku Small Street kapena pa Park Station, ayi. Wobena amatenga chimbale chimene chili kale pamsika n'kuchichulukitsa. Bootleg ndi shoo imene munthu anajambula bandi ikuimba pamaso pa anthu, ndipo eni nyimbo sanaitulutse konse. Kulibe sitolo imene mungakaigule yovomerezeka.

Mwa magulu onse a rock yolemera, limene anthu analijambula mobisa kwambiri ndi Led Zeppelin ya ku England: Jimmy Page pa gitala, Robert Plant pa mawu, John Paul Jones pa bezi ndi kiyibodi, John Bonham pa ng'oma. Anayamba mu 1968 ndipo anasiya mu 1980, Bonham atamwalira pa 25 September chaka chomwecho. Ku South Africa kuno sanaimbeko. Choncho aliyense wa m'tauni muno amene amalikonda gululi, ngati sanakwere ndege masiku amenewo, shoo zake amazidziwira m'makutu basi.

Nanga chokoma n'chiyani m'kaseti yosokosa pamene zimbale zoyera zilipo? Amene anapitako ku shoo ya Ma Blacks kumudzi akudziwa kuti nyimbo ya pa CD ndi ina, ya pa siteji ndi ina. Kwa Led Zeppelin kusiyanaku kunali kwakukulu zedi. Dazed and Confused pa chimbale imatenga mphindi 6 ndi theka, koma pa siteji inkatha kufika theka la ola, ndipo usiku uliwonse inkadzera njira yake. Shoo za mu 1977 zinkapitirira maola atatu. Tsono zimbale ziwiri zodziwika za shoo zimene gululi linatulutsa lokha n'zosokedwa. The Song Remains the Same ya mu 1976 inalumikizidwa kuchokera ku mausiku atatu a ku holo ya Madison Square Garden ku New York, 27 mpaka 29 July 1973. How the West Was Won ya mu 2003 inaphatikiza shoo ziwiri, ya ku Los Angeles pa 25 June 1972 ndi ya ku Long Beach pa 27 June. Pamene chala chinaterereka, anadulapo n'kuikapo chigamba cha usiku wina. Ndi ntchito yaluso, sindikuinyoza, koma usiku umene mukumvawo sunachitikepo.

Bootleg ilibe zigamba. Page akasochera pakati pa solo mumamva Bonham akumudikira kenako n'kumubweza mumzere. Plant akakhala ndi chimfine mumamva mawu akusweka. Amalankhula ndi anthu, amadandaula za oponya makombola m'holo, wina pafupi ndi maikolofoni amakuwa dzina la nyimbo imene akuifuna. Mukamvera mausiku asanu otsatizana mumayamba kuzindikira kuti lero oimba ng'oma anali ndi moto, dzulo anali otopa. Ndi pamenepo matendawa amagwirira munthu.

Zojambulidwazi zili mitundu iwiri, ndipo wongoyamba kumene amasokonezeka posankha. Pali ya m'gulu la anthu, yotchedwa audience, ndi yotengedwa pa miksa ya mainjiniya, yotchedwa soundboard. Ambiri amathamangira soundboard poganiza kuti ndiyo yabwino. Osati nthawi zonse. Mainjiniya ankasakaniza mawu kuti akomere holo, osati tepi. Gitala inali kale yaphokoso kuchokera m'ma amplifaya a pa siteji, ndiye pa miksa sankaikweza kwambiri; mawu a woimba ndiwo ankakwezedwa. Mukamvera tepi yotere, woimba ali pamphuno panu, anthu 18,000 akumveka ngati mvula ya kutali, ndipo zonse n'zouma ngati nsima yopanda ndiwo. Chitsanzo chodziwika ndi Destroyer, ya ku Richfield Coliseum pafupi ndi Cleveland pa 27 April 1977: yomveka bwino, koma yozizira.

Yerekezani ndi Listen to This Eddie, ya ku Forum ku Los Angeles pa 21 June 1977. Anaijambula ndi Mike Millard, amene ankalowa m'holo pa njinga ya olumala ngakhale ankayenda bwinobwino, makina ojambulira a Nakamichi 550 atabisidwa pampando, ma maikolofoni a AKG ali m'chipewa. Pa tepi yakeyo ng'oma zimakugundani pachifuwa ndipo kukula kwa holo kumamveka. Page yemwe anatengako kachigawo kake n'kukaika pa DVD ya gululi ya mu 2003. Kwa ine, wofuna kuyamba ayambire pamenepa, kenako abwerere ku Live on Blueberry Hill ya pa 4 September 1970, imodzi mwa zoyambirira kutuluka pa mbale zakuda zija.

Za malamulo ndinene mwachidule. Kugulitsa ndi mlandu, kuno ngakhale kwathu. Manejala wawo Peter Grant ankasakasaka ojambula ndi ogulitsa yekha, ndipo mu 2007 Page anakaperekera umboni kukhoti ku Glasgow pa mlandu wa munthu wogulitsa zoterezi. Pakati pa osonkhanitsa lamulo n'lakuti mumasinthana, simulipiritsa, ndipo shoo ikatulutsidwa ndi eni ake mumakagula.

Tsopano ku benchi. Makasetiwa amapezeka m'mabokosi a katundu wakale, m'misika ya Lamlungu ndi m'mashopu a kaunjika wa zamagetsi, ndipo abale athu ogwira ntchito m'nyumba ndi m'magadeni a kumpoto kwa tauni nthawi zina amapatsidwa mabwana akamasamuka. Musaiponye m'wailesi pompo. Yang'anani kaye pawindo lake ngati mulibe nkhungu yoyera. Onani kansalu kakang'ono kamene kamakankhira tepi ku hedi, kachitsulo ka m'wailesi kamene kamawerenga mawu pa tepi. Guluu wake amauma, ndipo kakagwa mawu amamveka ngati akuchokera m'mtsuko. Thyolani timano tiwiri ta pamwamba kuti wina asadine batani lofiira mwangozi. Kenako ipititseni kutsogolo mpaka kumapeto ndi kuibweza yonse kamodzi, kuti tepi imene yakhala zaka 30 yomatana imasuke. Ikamalimba, masulani tisikuluwu tisanu ta chikhokhombe chake n'kusamutsira tepiyo m'chikhokhombe cha kaseti ina yabwino. Ya C120 muziiopa: ndi yopyapyala kuposa C60 ndi C90, makina otopa amaitafuna.

Makinawo apukuteni hedi, kachitsulo kozungulira kaja ndi kawilo ka labala, pogwiritsa ntchito kathonje kotokosera m'khutu ndi isopropyl wa 99 peresenti. Sipiriti wofiirira wa m'magolosale uja ayi, amasiya utoto. Dikirani mphindi zisanu ziume. Ngati piyano kapena mawu aatali akunjenjemera, vuto ndi lamba wotambasuka kapena kawilo kouma, ndipo palibe pulogalamu ya pakompyuta imene ingakonze zimenezo bwino. Sinthani lamba musanapitirire.

Chimene ambiri amachilumpha ndi kuwongola hedi, ndipo apa ndi pamene theka la kukoma limatayikira. Kaseti iliyonse inajambulidwa pa makina ena, amene hedi yake inapendekeka mwa mtundu wake. Pambali pa hedi pali kasikuluwu kokhala ndi sipuling'i. Ikani chizindikiro pamene kali, tembenuzani mawu akhale mono, valani mahedifoni, ndipo tepi ikuyenda potozani pang'onopang'ono ndi sikuludiraiva yopanda maginito. Mverani zitsulo za ng'oma zija. Zidzayamba kuwala, kenako kuzimiranso. Imani pamene zikuthwa kwambiri. Kawirikawiri simupitirira kota ya mzungulo. Mbali B muyambirenso, chifukwa ena ankajambula mbali ziwiri pa makina osiyana. Mukamaliza ntchito yonse bwezerani pa chizindikiro chija n'kudonthezapo kyuteksi kuti kasamasuke. Batani la Dolby, lochepetsera mluzu wa tepi, likhale lozimitsa pokhapokha mwini kaseti atalemba kuti analigwiritsa ntchito. Mukaliyatsa pa tepi yopanda Dolby, mawu onse opyapyala amafa.

Polumikiza ku kompyuta, tengani mawu pa mabowo a line out n'kuwalowetsa m'kabokosi ka USB kolandirira mawu. Kabowo ka maikolofoni ka pa laputopu sikoyenera: mawu amalowa ochuluka n'kusweka, ndipo nthawi zambiri kamaphatikiza mbali ziwiri kukhala imodzi. Mukamva kung'ung'udza kwa pansipansi, ndi 50 Hz ya magetsi ikudzera pa tchaja. Zulani tchajayo mugwiritse batire. Mu Audacity, pulogalamu yaulere yojambulira ndi kukonzera mawu, sankhani 24-bit pa 48 kHz, ndipo pezani pamene pali phokoso lalikulu pa tepiyo n'kuchepetsa mpaka pafike -6 dB. Zikagunda 0 zasweka ndipo sizibwerera. Kaseti ya C90 idya pafupifupi 1.5 GB. Onani ndandanda ya kuzima kwa magetsi musanayambe, chifukwa mbali imodzi ndi mphindi 45 zosadukiza, ndipo magetsi akathima kawilo katakanikiza tepi, pamatsala khwinya. Nyengo ya mvula, ziphaliwali za masana za kuno zikayamba, zulani zonse kukhoma.

Kenako liwiro. Kaseti imayenera kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi. Wojambula m'holo ankadalira mabatire, ndipo akamafooka tepi inkayenda pang'onopang'ono. Mukaiseweretsa pa makina abwino imathamanga, Plant n'kumamveka ngati kamnyamata. Onjezani kuti kope lililonse linadutsa m'makina ena okhala ndi vuto lawolawo. Kusiyana kwa 6 peresenti ndi fuleti imodzi yathunthu ya gitala. 3 peresenti ndi theka lake, ndipo khutu lozolowera limamva kale kuti china chake chalakwika. Tengani tyuna ya gitala ya pafoni, pezani pamene bezi yagwira noti imodzi kwa nthawi, muyerekeze ndi kiyi yodziwika ya nyimboyo. Yesani nyimbo zitatu, koyambirira, pakati ndi kumapeto kwa mbali, poti batire silifooka mofanana. Pokonza gwiritsani Change Speed (mu Audacity yatsopano imatchedwa Change Speed and Pitch), imene imasuntha liwiro ndi kukwera kwa mawu pamodzi monga zinalakwikira. Change Pitch kapena Change Tempo zimakonza theka n'kuwononga theka linalo.

Mluzu wa tepi uja usiyeni. Achinyamata amakonda kuupukuta ndi Noise Reduction mpaka zitsulo za ng'oma zimalira ngati zili pansi pa madzi. Khutu limaiwala mluzu pakangotha mphindi ziwiri, koma madziwo siliwaiwala.

Sungani kope loyamba losakhudzidwa, ndipo logawira anzanu likhale FLAC, imene imachepetsa fayilo pafupifupi ndi theka popanda kutaya kanthu. Shoo ya maola atatu pa mlingo wa CD ndi 1.9 GB isanapanikizidwe. MP3 ndi yomvera mu takisi popita ku ntchito, si yosinthanitsa. Wina akakupatsani FLAC imene mukuikayikira, itseguleni pa spectrogram, chithunzi chosonyeza kukwera kwa mawu ndi mitundu: ngati mitundu yadulidwa mowongoka ngati ndi mpeni cha pa 16 kHz, imeneyo inakhalapo MP3 ndipo angoiveka malaya atsopano. Ya kaseti yeniyeni mluzu wake umakwera n'kuzimirira pang'onopang'ono. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati document, kuti ifike mmene mwaitumizira.

Dzina la foda liyambe ndi deti, chaka patsogolo, monga 1977-06-21, kenako mzinda. M'katimo ikani kafayilo kolemba mzere wobadwira wa tepiyo: inachokera kwa ndani, ndi kope lachingati kuchokera pa yoyamba, makina amene mwaseweretsera, ndi peresenti imene mwasintha liwiro. Kope loyamba ndi lachisanu zimasiyana ngati chitenje chatsopano ndi chochapidwa chaka chonse, ndiye wolandira ayenera kudziwa. Zolembedwa pa chikuto musazikhulupirire msanga. Ogulitsa akale ankasintha madeti ndi mizinda dala kuti shoo imodzi igulidwe kawiri. Mverani zimene Plant akunena pakati pa nyimbo, nthawi zambiri amatchula mzinda kapena usiku wachingati, ndipo fananizani ndandanda ya nyimbo ndi ya ulendo wa chaka chimenecho. Pamene wojambula ankatembenuza kaseti pamasowa masekondi angapo, kawirikawiri pakati pa nyimbo yaitali. Lembani malowo, musawabise polumikiza.

Gawo 15 tibwerera ku Yeoville, ku chipinda chimene tinkagonamo anthu asanu ndi mmodzi ndi wailesi imodzi.