Denga la udzu pakati pa Joni

Loweruka lapitali achimwene anga, amene amasamalira maluwa panyumba ina ku Norwood, anati, "Chemwali, tiyeni mukaone nyumba yonga ya kumudzi." Tinatsika takisi mumsewu wa Louis Botha n'kulowera wapansi ku Orchards, mpaka pa Pine Road.

Titangolowa pageti ndinaima kaye. Zipinda ziwiri zozungulira, denga lofolera ndi udzu, ngati kwa agogo ku Ntcheu! Anaimanga mu 1907 ndi Hermann Kallenbach, Myuda wojambula mapulani a nyumba, ndipo ankaitcha The Kraal, kunena khola. Mu 1908 mnzake anabwera kudzakhala naye: loya wa ku India, Mohandas Gandhi, amene anali mdziko muno kuyambira 1893.

Gandhi ankagona m'kachipinda ka m'mwamba, pansi penipeni pa tsindwi, kokwera ndi makwerero. Apa m'pamene ndinakhalitsa. Chaka chomwecho cha 1908, mu Ogasiti, Amwenye ambirimbiri anasonkhana pa mzikiti wa Hamidia ku Newtown n'kuwotcha ziphaso zimene boma la Transvaal, dera limene munali Joni, linkawakakamiza kuyenda nazo. Ndiye kuti Gandhi, amene ankatsogolera zimenezi, usiku ankabwera kudzagona pansi pa udzu umenewu. Ife a ku Joni nkhani ya mapepala timaidziwa bwino, mtima umagunda ukangoona galimoto ya apolisi. Achimwene sanayankhule kanthu, anangogwira makwererowo.

Awiriwo anachoka mu 1909, ndipo mu 1910 anakayambitsa Tolstoy Farm kunja kwa mzinda. Kwa zaka zambirimbiri khola lija linangokhala nyumba wamba, mabanja akulowa ndi kutuluka. Mu 2009 kampani ya ku France yoona za maulendo, Voyageurs du Monde, inaigula, n'kuitsegula mu 2011 ndi dzina loti Satyagraha House, potengera dzina limene Gandhi anapatsa njira yake yokanira kuponderezedwa popanda chiwawa. Tsopano mbali ina ndi yosungiramo zithunzi ndi makalata a anthu awiriwa, mbali ina ndi yogona alendo. Nyama saphika, mowa kulibe.

Chinandiwawa n'chakuti kugona pamalo pamene munthu anasankha kukhala mosauka lero kumafuna thumba lonona. Komabe ndikuthokoza kuti nyumbayi sanaigwetse.

Potuluka achimwene anawerama padimba la ndiwo zamasamba, n'kufinya dothi m'manja. Anati amene amalima pamenepa ntchito yake amaidziwa.