Mmene tinaikira kanyumba pa thirakitala yathu ku Salima

Thirakitala yathu ndi Massey Ferguson 290 ya injini ya Perkins. Tinaigula yopanda denga, ili ndi chitsulo chopindika chokha chija cha kumbuyo kwa mpando, choteteza woyendetsa ikagubuduka. Timalima nayo minda yathu cha ku Khombedza, ndipo malimwe akafika timalimiranso anthu ena mpaka cha ku Lifuwu. Amene anakhalapo pa mpando umenewu mu Okutobala akudziwa zomwe ndikunena: dzuwa pamutu, injini ikukuotcha kumiyendo, ndiye mphepo ingotembenuka, fumbi lonse la pulawo m'maso ndi m'mphuno. Ukadutsa m'mbali mwa tchire la chitedze usiku wake sugona, ndipo tsiku lomwe wagunda mtengo wa njuchi umangosiya thirakitala ikulira n'kuliyatsa liwiro.

Ndinali nditaona mavidiyo pa YouTube a alimi a kumayiko ozizira akutseka mathirakitala awo mbali zonse ndi magalasi. Nditamuonetsa mmisiri wowotcherera wa ku Kamuzu Road, anayang'ana foniyo n'kuseka. "Madala, mukufuna kanyumba kapena uvuni wa njerwa? Anzanuwa akuthawa chisanu, inu mukuthawa dzuwa." Pamenepo mpomwe tinagwirizana mfundo yomwe inatsogolera ntchito yonse, yoti denga ndi galasi lakutsogolo zikhale zokhazikika, koma m'mbali ndi kumbuyo muzitseguka.

Tisanagule chitsulo ngakhale chimodzi tinamanga kaye kanyumba ka nsungwi ndi makatoni pa thirakitalapo, tikumanga ndi linya. Anthu odutsa ankaseka, koma gawo limeneli musalidumphe. Ndinakhala pa mpando nditavala chipewa, kuponda kilatchi ndi mabuleki, kulowetsa magiya onse, kuimirira, kutembenuka kuyang'ana pomangirira pulawo. Nsanamira yakumanja tinaisuntha kangapo chifukwa inkabisa tayala lakutsogolo, ndipo wolima aliyense amadziwa kuti maso amakhala pa tayala limenelo kuti lisatuluke mumzere. Tinaonanso kuti pothirira dizilo, pofikira batire ndi potsegulira boneti pasatsekeke. Kenako tinakayeza khomo la shedi yomwe thirakitala imagona. Kanyumba kokongola kosalowa m'shedi n'kachabe.

Nkhani yomwe ndinaumirirapo kwambiri ndi ya chitsulo chopindika chija. Mmisiri ankafuna kungowotcherera fulemu pomwepo chifukwa n'cholimba komanso chili pafupi, ntchito ikanatha msanga. Ndinakana. Chitsulo chimenechi anachikonza ndi kuchiyesa ku fakitale kuti thirakitala ikagubuduka chisiye mpata pomwe pali munthu. Mukachiboola kapena kuchiotcha ndi moto wowotcherera, mwachifooketsa, ndipo ndi maso simungaone kanthu mpaka tsiku langozi. Tinagwiritsa ntchito mabauti opindika aja a U, ngati omangira masipuling'i a lole, okumbatira chitsulocho popanda bowo lililonse, pakati titaika mphira. Komanso musadzinamize kuti fulemu yomwe mwapanga nokha ingakutetezeni thirakitala itagwa chammbali pa chulu kapena m'ngalande. Ntchito yake ndi ya mthunzi ndi fumbi basi. Chokutetezani ndi chitsulo cha ku fakitale pamodzi ndi lamba wa pa mpando, ndiye lambayo tinamubwezeretsa, chifukwa anali atasowa kalekale.

Fulemu tinapangira sikweya chubu ya mamilimita 40 pa nsanamira, ndi ya mamilimita 25 pa denga ndi mawindo. Mmisiri ankati tiike zokhuthala paliponse, ine n'kumuuza kuti kulemera kukachuluka pamwamba thirakitala imapendama msanga pamalo otsetsereka. Nsanamira zakutsogolo ndizo zinatidyera nthawi. Pa madigadi n'posavuta kumangirira, koma lata lake n'lopyapyala, ndipo ndi kugwedezeka kwa m'munda limang'ambika mozungulira bauti. Tinadula timapuleti tokhuthala n'kutimangirira pa mabowo omwe analipo kale, pomwe pamagwira popondera mapazi. Pansi pa nsanamira iliyonse tinaika mphira wodula m'mbali mwa tayala lakale la lole, ndipo mabauti onse ndi a M12 okhala ndi manati osamasuka okha aja a pulasitiki mkati.

Kuwotcherera kwakukulu konse kunachitikira pansi, kutali ndi thirakitala. Thanki ya dizilo pa mtundu umenewu ili pansi pa boneti, kutsogolo kwenikweni kwa chiwongolero, pomwe pakanagwera nthethe zonse za moto. Pomwe panafunika kuwotcherera pang'ono kuti zitsulo zigwirane zili pamalo pake pa thirakitala, tinayamba tachotsa mawaya a batire ndi a alternator, n'kuphimba boneti ndi masaka onyowa. Magetsi akazima ntchito inkaima, ndiye tinkapezerapo mwayi wopala zitsulo ndi kupaka red oxide, penti yoteteza ku dzimbiri. Kuno kufupi ndi nyanja chitsulo chosapenta sichichedwa kuchita dzimbiri mvula ikayamba.

Denga ndi lata lathyathyathya lopaka penti yoyera pamwamba, lopendekera pang'ono kumbuyo, ndipo linapitirira fulemu mbali zonse kuti dzuwa la m'ma 10 koloko lisamalowe pa mapewa. Pansi pake tinasiya mpata wa zala zitatu n'kuika pulayiwudi, kuti mphepo izidutsa pakatipo. Lata lokha pamwamba pa mutu masana a Novembala silingapiririke, komanso limalira kwambiri injini ikamagunda. Pomwe lata likukhudza chitsulo tinayalapo timizere ta chubu cha tayala la njinga.

Pa galasi lakutsogolo mpamene anthu ambiri amafuna kupulumutsa ndalama molakwika. Galasi la mawindo a nyumba ayi ndithu: likasweka limatuluka zidutswa zazitali zakuthwa, munthu ali pomwepo. Magalasi a m'mbali a galimoto nawonso sadulika kapena kubooleka, mukangoyesa amaphwanyika n'kukhala timiyala. Ife tinapeza galasi lathyathyathya la lole yakale, la mitundu ija yokhala ndi pulasitiki pakati, lomwe likang'aluka silimwazika. Ndiye fulemu ya windo tinaipanga motsatira galasilo, n'kulikhazika mu mphira wake, lisakhudze chitsulo paliponse. Timawindo tiwiri tam'munsi, toonera matayala akutsogolo, tinaikamo polycarbonate, pulasitiki yolimba yoonekera ngati galasi, ya mamilimita 4 yomwe ndinakaitenga ku Lilongwe. Perspex, pulasitiki ina yoonekera, ndi yotchipirapo koma imang'aluka ikamagwedezeka. Polycarbonate imafutukuka ikatenthedwa, choncho mabowo ake aboole okulirapo kuposa bauti, ndipo musamange mothinitsa. Imakalikanso msanga. Mnyamata wathu ndinamuuza kuti asayerekeze kupukuta fumbi ndi nsanza youma, azithira kaye madzi, ndipo petulo kapena thinala zisafikepo.

M'mbali tinapita kwa telala wosoka matenti a malole. Anatisokera makatani a tenti okhala ndi pulasitiki yoonekera pakati, opindira m'mwamba n'kumanga ndi timalamba. Iye yemwe ndi amene anatiletsa mazipi. "Achimwene, zipi ndi fumbi la kuno sizigwirizana, mudzabweranso mwezi usanathe." Anaika timphete tachitsulo m'mphepete ndi zingwe za mphira zokolera pa timbedza tomwe mmisiri anawotcherera pa fulemu. Mbali zonse ziwiri zimatseguka kuchokera mkati ndi dzanja limodzi, chifukwa thirakitala ikagwera mbali yomwe umatulukira uyenera kukhala ndi kwina kothawira. Kuseri kwa makataniwo tinaika gozi waya pa timafulemu tochotseka, wa njuchi masana ndi udzudzu tikamalima usiku. Polima ndimatsitsa katani la mbali yomwe mphepo ikuchokera, linalo lili mmwamba. Onse awiri ndimatsitsa mvula ikamagwa, kapena m'mamawa a Juni mwera ukamaomba ndikukoka ngolo pa msewu wa M5.

Kumbuyo kuli windo lotsegukira mmwamba lokhala ndi kachitsulo kogwiriza. Tinakweza manja a hayidiroliki mpaka pamapeto pulawo ili pomwepo, kuona ngati palibe chogunda windolo, komanso ngati ndingaone bwino pini ndi shafuti ya PTO, yozungulira ija yoyendetsa zida za kumbuyo, ndili pa mpando.

Ekizosi tinaiwonjezera paipi kuti ipitirire denga, n'kuika kachivindikiro ka mvula pamwamba. Poyamba inkathera pa msinkhu wa galasi, kutanthauza kuti utsi ukanamazungulira pansi pa denga n'kulowa mkati. Mu utsi wa injini muli mpweya wa carbon monoxide womwe sununkha, munthu amangomva mutu kuwawa ndi tulo. Tinayang'ananso ngati paipi yakale sikutayira utsi polumikizira, ndipo m'shedi sitisiya injini ikulira makatani ali otsitsa.

Poyesa tinakalima munda wouma gwa, wa zibuma. Mabauti ena anafunika kumangitsanso madzulo ake, ndipo mpaka pano ndimawayendera ndi sipanala nthawi iliyonse ndikamathira girisi. Phokoso linakwera pang'ono, makamaka makatani onse akatsitsidwa, moti ndimavala zotseka m'makutu. Fumbi lomwe linatsala linkachokera pansi, m'mipata ya mapedulo ndi ya magiya, ndiye tinadula mphira wa chubu cha lole n'kuphimba mipatayo, titang'amba pomwe pedulo imayenda ndi kuonetsetsa kuti buleki ikubwerera bwinobwino. Tinamaliza ndi magalasi awiri oonera kumbuyo, chifukwa ndi makatani sungangocheuka monga kale, ndi nyali imodzi yolozera pa pulawo. Chomwe sichinatheke ndi kutentha kochokera ku giyabokosi pakati pa miyendo. Mvula isanagwe ndikufuna kuikapo kafani ka magetsi ka ma volt 12, kolumikiza ku batire kudzera pa fyuzi yakeyake.