Kusunga khodi pa seva yathuyathu popanda GitHub

Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha m'khodi, imagwira ntchito bwinobwino popanda mawebusaiti osungira khodi monga GitHub kapena GitLab. Chofunika ndi kompyuta imodzi ya Linux yosazimitsidwa, yokhala ndi Git ndi SSH (njira yotetezeka yolumikizirana ndi kompyuta ili kutali). Ngakhale kakompyuta kakang'ono ngati Raspberry Pi kamakwanira.

Ndimayamba ndi kutsegula akaunti imodzi pa seva, dzina lake git, kenako ndimalemba `git init --bare /srv/git/ntchito.git`. Musaiwale `--bare`. Repo (nkhokwe ya khodi) yotere imasunga mbiri yokha, mulibe mafayilo oti munthu azisintha. Mukapanga repo wamba, Git imakana push (kutumiza khodi ku seva) yopita ku nthambi (branch) imene ili yotsegula pa sevapo. Ngati ndagwiritsa ntchito sudo (kulamula ngati woyang'anira seva), mwini wa fodayo amakhala root, akaunti ya woyang'anirayo, ndipo push imalephera, choncho ndimatsatiza `chown -R git:git /srv/git`.

Aliyense m'gulu amapanga kiyi ndi `ssh-keygen -t ed25519` n'kunditumizira fayilo yothera ndi .pub yokha. Inzakeyo, yachinsinsi, isatuluke m'kompyuta yake. Makiyiwa ndimawaika mu /home/git/.ssh/authorized_keys, iliyonse pa mzere wake. Apa m'pamene ambiri amapunthwa. SSH ikaona kuti anthu ena angathe kulemba m'fayiloyi, imanyalanyaza makiyi onse, munthu n'kumangoona "Permission denied" osadziwa chalakwika. Foda ya .ssh ndimaipatsa `chmod 700`, fayiloyo 600. Pomaliza `usermod -s /usr/bin/git-shell git`, kuti wa kiyi azitha push ndi pull (kukoka khodi ku seva) basi, asamayendeyende m'seva.

Vuto lina limaoneka pa clone (kukopera repo ku kompyuta yanu) yoyamba: foda imabwera yopanda kanthu chonsecho khodi inatumizidwa. Chimachitika n'chakuti HEAD ya pa seva, chizindikiro cha nthambi imene clone imatsegula, ikuloza nthambi ya master pamene inu munatumiza main. Ndimakonza ndili mkati mwa repo ya pa seva ndi `git symbolic-ref HEAD refs/heads/main`.

Pull request, njira ya pa GitHub yopempha anzanu kuunika zosintha zanu, kuno kulibe. Mnzanga akatumiza nthambi yake, ndimachita `git fetch`, n'kuwerenga zimene wasintha ndi `git diff main...origin/nthambi`, ndikakhutira ndiye merge (kuphatikiza nthambizo). Pa seva ndimaikanso `git config receive.denyNonFastForwards true`, chifukwa force push (push yokakamiza) imodzi ingafufute ntchito ya gulu lonse ya sabata yathunthu.

Intaneti ikavuta, `git bundle create ntchito.bundle --all` imalongedza mbiri yonse m'fayilo imodzi yoyenda pa fulashi, ndipo wolandira amachita clone kuchokera pa fayiloyo. Seva imodzi yokha sindiyikhulupirira, ndiye pa kompyuta ina ndimasunga `git clone --mirror` imene cron, pulogalamu yoyendetsa malamulo pa nthawi yoikika, imaitsitsimutsa usiku uliwonse ndi `git remote update`.